Galu wa pa Chaisa naye afuna kuwongola miyendo, manje tipite naye kuti?

Uzani munthu wa pa Chaisa kuti mwatenga galu mukamuyendetseko, muone mwamene azasekela. Wina azakufunsani ngati mwapeza nchito ya ugadeni boyi ku Kabulonga. Wina azati, "Iwe mudala, nsima sunadye koma uli na mphamvu zoyendetsa imbwa?" Kwa ambili a ife, kuyenda ndi galu pa chingwe ni vinthu va kumayadi, va anthu amene galu wawo adya nyama pamene ife tili pa kapenta na chibwabwa. Galu wa mu komboni timuwelengela nchito imodzi chabe, yakuti auwe usiku kuti kawalala asanyamule TV.

Koma yang'anani mwamene zinthu zasinthila. Masiku ano anyamata ambili asunga agalu a mtundu: boerboel, German Shepherd, pit bull. Mu mavidiyo a nyimbo woimba aimilila pafupi ndi motoka, galu wamkulu ali pambali, ndipo pa Facebook ndi TikTok malonda a tuana twa agalu sakutha. Mnyamata asonkha ndalama miyezi itatu, agula kamwana, ajambula nako, anzake amutamanda. Pakapita miyezi 8 kamwana kaja kasanduka chilombo cholemela ngati thumba la simenti, ndipo chikhala kuseli kwa nyumba ya marumu awili, pa tcheni cha mita imodzi, pakati pa chimbudzi ndi dilamu ya madzi. Tsiku limene tcheni chizaduka, woyamba kukumana nacho ndi mwana wa aneba amene atumidwa kukagula tomato na saladi pa kantemba.

Ndiye chifukwa chake sabata ino tikamba za koyenda ndi galu. Paki ya agalu pa Chaisa kulibe, tisanamizane. Nyumba zinagundana, tunjila tung'onotung'ono, paliponse pali mwana, nkhuku olo mbaula ya moto. Koma malo oyenda alipo ngati mwadziwa nthawi yake ndi mwambo wake.

Galu wa pa tcheni ndiye aluma

Amene munakulila kum'mawa, ku Katete, ku Petauke olo ku Chadiza, mukumbukila kuti kumudzi kulibe munthu amene amanyamuka ati nikayendetse galu. Galu amanyamuka yekha kutsatila mwini wake kumunda, kudimba, kumtsinje, olo kutsatila anyamata okasaka akalulu. Pofika madzulo wayenda mtunda wautali, wanunkhiza zonse, waona mbuzi, njinga, ngolo ndi ana osewela. Akafika pa khomo amangogona pansi pa nkhokwe, alibe naye mulandu munthu.

Wa pa tcheni ali ndi mavuto awili. Loyamba, mphamvu zake zilibe kopita. Ndiye muona akumba pansi, atafuna mapatapata, auwa usiku wonse mpaka ba landilodi akupatsani notisi. Lachiwili ndi mantha. Galu akaopa chinthu, nzelu yake yoyamba ndi kuthawa. Pa tcheni sangathawe, ndiye chimene chamutsalila ndi mano. Ana a mu layini amamugenda miyala podutsa, iye sangawafike, ndipo tsiku ndi tsiku aphunzila kuti kamunthu kafupi kothamanga ndi mdani.

Anyamata ena amachitila dala. Amutsekela mu kakhola ka malata kuti asaone munthu, ena mpaka kumuthilila mpilipili mu chakudya ati akalipe. Galu oleledwa motelo sasiyanitsa kawalala ndi mwana wa mlongo wanu amene wabwela pa holide. Mlonda wabwino ndi galu amene adziwa anthu a pa khomo ndi phokoso la mu layini, kuti akauwa usiku inu mudziwe kuti panja pali chachilendo. Akuluakulu anati galu wamkota sakandila pachabe. Wa pa tcheni amauwila ngakhale pepala louluka, mpaka pa nyumba muleka kumumvela.

Musanatuluke pa geti

Choyamba ndi nyeleti ya chiwewe. Iyi si nkhani yoseka nayo. Bungwe la World Health Organization likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambili a iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 odwala matendawa, kufika 99 amawatengela kwa galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 ndi ana osakwana zaka 15. Munthu akayamba kuonetsa zizindikilo, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, chipatala sichingamupulumutse. Koma akatswili omwewo akuti ngati agalu 70 pa 100 alionse mu dela alasidwa katemela, matenda amaleka kuyenda. Galu wanu ndi mmodzi wa 70 amenewo.

Kamwana ka galu kamalasidwa nyeleti ya chiwewe kakakwanitsa miyezi itatu, ndipo dokotala wa ziweto amalemba pa kadi tsiku lobwelelanso. Kadi imeneyo muisunge ngati NRC, ndipo muijambule pa foni. Mungapite ku ofesi ya boma ya za ziweto, ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa UNZA, ku chipatala cha ziweto cha ku Showgrounds, olo kufunsa a Lusaka Animal Welfare Society, amene ambili amawadziwa kuti LAWS. Pa 28 September dziko lonse lapansi limakumbukila tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo masiku amenewo ndiye abwino kutchela khutu pa wailesi kuti mumve kumene alasa agalu pafupi ndi inu.

Tuana tung'ono musatutulutse msanga. Pali matenda ochedwa parvo amene amapha tuana twa agalu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala mu dothi miyezi yambili. Kamwana kakhale pa khomo mpaka katsilize nyeleti zake zonse, pafupifupi pa miyezi inayi.

Chachiwili ndi lamulo. Zambia ili ndi lamulo la agalu, Control of Dogs Act, Chapter 247. Galu afunika kulasidwa katemela ndi kulembetsedwa, ndipo a Lusaka City Council amakumbutsa kawilikawili kuti pa nyumba imodzi agalu asapitilile awili popanda chilolezo. Galu opezeka ayendayenda yekha mu mseu, opanda mwini, akhonsolo ali ndi mphamvu yomuchotsa. Ndiye chizolowezi chija chomasula galu usiku ati akazionele yekha, si kumuyendetsa. Ndi kumutuma kukamenyana ndi agalu osalasidwa, kukadya pa chishala, na kubwela ndi milandu.

Chachitatu ndi chingwe. Simufunika cha mu shopu ya ku Manda Hill. Lamba wachikopa wa pa salaula akhala bwino pakhosi, ndipo lamba wa chola chakale, olimba, wa mita imodzi ndi hafu, akwana kugwilila. Lamba wa pakhosi asathine, zala ziwili zizilowa pakati pa lamba ndi khosi. Waya ndi nthambo ya malaiti, awe, vimacheka khosi. Ngati galu wanu analumapo kale munthu olo galu mnzake, mugulileni chotsekela kukamwa musanapite naye pa anthu. Ndipo ogwila chingwe akhale munthu amene angamukwanitse. Boerboel si wopatsa mwana wa giledi 5.

Malo oyamba: mu komboni momwemo, kuseniseni

Chaisa wa 05:30 ndi Chaisa wa 10 hours ni malo awili osiyana. Kuseniseni tunjila tuli phee. Amene muzakumana nawo ndi azimai opita kukaoda ku Soweto, alonda obwela ku nchito, ndi othamanga awili atatu. Ana a sukulu sanatuluke, mabasi sanayambe kulimbilana, mabawa ali otseka. Iyi ndiye paki yathu, ndipo ilibe malipilo.

Sankhani njila imodzi yozungulila, ya mphindi 20 olo 30, yopewa maliketi, siteshoni ya mabasi ndi layini ya mabawa pamene pamakhala mabotolo osweka ndi mafupa a nkhuku. Muziyenda njila imeneyo masiku onse. Galu amakonda zimene azolowela, ndipo anthu a mu njilayo nawonso azamuzolowela. Musamukoke akaimilila kununkhiza. Kwa galu, kununkhiza ndiye kuwelenga nyuzi: ndani anapita pano usiku, ndi galu uti wadwala, ndi uti afuna mwamuna. Mphindi 20 zonunkhiza zimamulemetsa mutu bwino, akafika pa nyumba agona.

Amene mugwila nchito ya mashifiti ku Industrial Area olo mu tauni, musadandaule kuti kuseni simupezeka. Chikulu ndi chakuti galu atuluke tsiku lililonse, nthawi imene kunja kwazizila ndipo anthu achepa.

Malo achiwili: magilaundi a bola

Gilaundi ya bola ndiye malo okha otambasuka amene makomboni ambili atsala nawo. Ndi yabwino, koma ili ndi eni ake. Ana akakhala pa chimpombwa olo timu ili pa tulening'i, galu asalowe. Bola yothamanga ndi miyendo yambili vimautsa mtima wa galu osaka, ndipo ngakhale ofatsa angathamangitse mwana. Pitani kuseni, muzungulile m'mbali, galu ali pa chingwe. Ngati mufuna kuti athamangeko, lumikizani chingwe chachitali cha mamita 5 olo 10, koma pokhapo pamene gilaundi ilibe munthu.

Gilaundi ya sukulu olo ya chalichi ili ndi mpanda pa chifukwa. Pitani kwa ba hedi olo kwa akulu a mpingo, mupemphe, muonetse kadi ya katemela. Akakana, akana.

Ndipo apa pali nkhani imene ambili aiona ngati yochititsa manyazi: tuvi twa galu. Nyamulani pulasitiki mu thumba, muvale ku dzanja ngati gulovu, mutole, mumange, mukataye mu chimbudzi olo mu bini. Anthu azaseka sabata yoyamba. Koma tuvi twa galu tumakhala ndi mazila a njoka za m'mimba, ndipo pa gilaundi pomwepo ana amasewela opanda nsapato, amagwa, amadya vitumbuwa osasamba m'manja. Galu wanu muzimupatsanso mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse.

Malo achitatu: kuzungulila Heroes

Anthu a ku Chawama ndi Kanyama angatichitile nsanje pa ichi. Ife Heroes Stadium tili nayo pafupi. Inatsegulidwa mu 2014, ndipo pambali pake pali Independence Stadium yakale ija. Kunja kwa mipanda yake kuli malo otambasuka kumene munthu aona patali, ndiye galu wina olo njinga ikabwela muyiona isanafike. Kwa galu wamkulu amene afuna mtunda, kuchoka pa Chaisa, kuzungulila kumeneko na kubwelela ndi ulendo omukwana.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba ndi Great North Road. Mseu uja uli ndi mathilaki, mabasi a ku Kabwe ndi ku Copperbelt, na maminibasi oima paliponse. Chingwe chikhale chachifupi, galu ayende mbali imene kulibe motoka, ndipo muoloke pamene anthu ena aolokela. Chachiwili, tsiku la bola, la konsati olo la msonkhano waukulu, galu atsale ku nyumba. Mavuvuzela, ng'oma ndi chigulu cha anthu vingapenge ngakhale galu ophunzitsidwa. Mukati mwa mpanda wa stadium simulowa popanda alonda kuvomela. Chachitatu ndi ulemu. Pafupi ndi Independence Stadium pali Heroes' Acre, pamene panaikidwa anyamata athu a bola ndi onse amene anafa nawo pa ngozi ya ndeke ku Gabon mu April 1993. Paja ndi pa manda. Galu asayandikile, asakwezepo mwendo.

Malo achinayi: miseu ya kumayadi

Mseu ndi wa boma, aliyense ayendamo. Emmasdale ili pafupi, ndipo amene muli ndi miyendo mungatsate Katima Mulilo Road mpaka ku Olympia Park. Miseu ya mukati mwa madela amenewa ili ndi mitengo, mthunzi ndi motoka zochepa, makamaka pa Sondo kuseni. Mu September ndi October, jakaranda ikachita maluwa, ngakhale chithunzi cha pa Facebook chimatuluka bwino.

Vuto la kumayadi ndi agalu a kuseli kwa mageti. Pafupifupi geti iliyonse ili ndi wake, ndipo azauwa. Musalole galu wanu kuika mphuno pansi pa geti, ndiye pamene ambili amalumidwa pa mphuno. Yendani chapakati, mupitilile osaima. Geti ikakhala yotsegula, olokelani mbali ina. Mlonda akakuyang'anani kwambili, mupatseni moni, "Mwauka bwanji ba kapitao," mupitilize ulendo. Kapinga wa pa geti ya munthu si chimbudzi cha galu wanu, pulasitiki ija igwile nchito.

Malo a patali, a tsiku limodzi pa mwezi

Pa UNZA, pa Great East Road, pali Goma Lakes, pamene ambili amajambulila zithunzi za ukwati. Pali udzu, mitengo ndi mphepo yabwino. Ku Showgrounds nakonso kuli miseu yotakata ndi mthunzi pamene si nthawi ya Show ya mu August. Koma malo onse awili ali ndi eni ake ndi alonda pa geti, ndiye funsani poyamba ngati galu aloledwa. Nzelu yabwino ndi kuphatikiza ulendo umenewu ndi tsiku la nyeleti, pakuti madokotala a ziweto ali komweko.

Kafikidwe ndiye nkhani. Ba kondakita sazakulolani kukwela minibasi ndi boerboel, ndipo okwela anzanu ali ndi chifukwa chodandaula. Ngati mwaitana taxi olo Yango, uzani dilaiva pa foni asanabwele kuti muli ndi galu, ndipo munyamule chitenge chakale choyala pa mpando.

Kumene simufunika kupita naye

Ngalande ndi madzi oima. Galu wa ludzu amamwa paliponse, ndipo ngalande za mu komboni mudziwa zimene zimayendamo. Tonse tikumbukila January 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolela. Galu amene wasamba mu ngalande amabwela ndi dothi lonselo pa khonde pamene mwana akwawa ndi pamene amai asukila mbale. Nyamulani botolo la madzi ndi kambale kake.

Pa chishala. Pali mafupa a nkhuku amene amathyoka ngati singano m'mimba, pali makoswe ofa ndi poizoni, pali agalu oyendayenda amene simudziwa ngati analasidwa. Phunzitsani galu wanu kusatola chakudya pansi. Chizolowezi chimenechi chizamupulumutsanso tsiku limene akawalala azaponya nyama ya poizoni pa mpanda.

M'mbali mwa njanji. Pamaoneka phee, koma sitima siima chifukwa cha galu, ndipo m'malo ena obisika mungasiye foni m'manja mwa anyamata. Mu maliketi, pakati pa nyama, nsomba ndi ndiwo zoyala pansi, musayese n'komwe. Ku manda, awe. Ndipo amene muganiza za Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, dziwani kuti malamulo a mapaki a nyama zakuthengo salola ziweto kulowamo.

Nyengo nayo ili ndi mau

October wa mu Lusaka mumudziwa. Tala imapsa, ndipo inu muli mu nsapato pamene galu ali chabe ndi mapazi ake. Ikani kuseli kwa dzanja pa tala muwelenge mpaka 7. Ngati simungapilile, naye sangapilile. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, amaziziziltsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja, ndiye kutentha kumamugwila msanga, makamaka a mphuno zazifupi ndi a ubweya wambili. Nyengo yotentha muziyenda 07 hours isanakwane olo dzuwa litapendeka, kuma 17:30. Mukaona apuma movutika, dovu lichuluka, miyendo igwedela, muikeni pa mthunzi, mumuthile madzi ozizila pa thupi, mupite naye kwa dokotala.

June ndi July ndiye miyezi yabwino, olo masana mungayende. Mainza, kuchoka November mpaka April, amabwela ndi zake. Udzu ukatalika nkhupakupa zimachuluka, ndipo zimapatsa galu matenda amene amamusowetsa magazi: aleka kudya, nkhama ziyela, mkodzo ufiila. Mukabwela koyenda muyang'aneni m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala. Nthawi yomweyo ndi ya mphutsi zija zolowa pa khungu. Ntchentche yake imaikila mazila pa dothi la mkodzo, ndiye galu ogona pa malo amodzi onyowa, pa tcheni, ndiye amene zimamudya kwambili. Mankhwala a nkhupakupa mugule oyenela agalu. Oilo yakuda ya motoka ndi mankhwala opopela ndiwo kudimba vingaphe galu.

Ulemu kwa anthu a mu njila

Mau akuti "osaopa, saluma" sanathandizepo munthu. Amene aopa galu ali ndi chifukwa chake, kapena analumidwapo ali mwana. Mukaona ambuya, mzimai wa mwana kumbuyo olo ana a sukulu abwela, fupikitsani chingwe, muime pambali, inu mukhale pakati pa galu ndi anthuwo. Mwana akafuna kumugwila, inu ndiye munene ngati zitheka, ndipo amugwile pa phewa, osati kumaso olo kumchila.

Pa Chaisa tikhala pamodzi ndi abale athu ambili achisilamu, a ku Somalia ndi a konkuno, ndipo ku Emmasdale nakonso mizikiti ilipo. Kwa ambili a iwo, mate a galu akakhudza chovala olo thupi afunika kusamba ndi kuchapa asanapemphele. Ndiye munthu akapatuka poona galu wanu, sikuti akuzondani. Mupatseni njila. Pa Chisanu masana, nthawi ya mapemphelo, pewani tunjila twa pafupi ndi mzikiti, ndipo galu asanunkhize katundu wa pa shopu ya munthu.

Mu komboni nkhuku ndi abakha amayenda okha. Galu wanu akagwila nkhuku ya aneba, lipilani tsiku lomwelo musanayambe kukangana. Agalu ambili a mu komboni amafa ndi poizoni chifukwa cha nkhuku imodzi imene mwini galu anakana kulipila.

Ngati zavuta, galu waluma

Olumidwa atsuke chilonda ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, pomwepo, asanachite china chilichonse. Musamange chilonda ndi nsalu yothina, musaikepo mankhwala achikuda, ndipo zija zootcha ubweya wa galu na kupaka phulusa pa chilonda zilibe nchito pa chiwewe. Mukatsuka, thamangilani ku kiliniki ya pa Chaisa, ku Chipata Level One olo ku Matero Level One tsiku lomwelo. Ngakhale kukanda chabe kwa dzino kumene kwatulutsa magazi pang'ono, pitani. Matendawa amatha kubisala mu thupi miyezi iwili olo itatu, nthawi zina kupitilila, ndiye kupola kwa chilonda sikutanthauza kuti munthu wapulumuka.

Inu mwini galu, musabise galu ndipo musathawe. Tulutsani kadi ya katemela, mupelekeze olumidwa ku chipatala. Galu asaphedwe mwaukali. Amangidwe pa malo abwino, apatsidwe chakudya ndi madzi, a za ziweto amuyang'anile masiku 10, chifukwa mwamene galuyo azakhalila pa masiku amenewo zimathandiza madokotala kudziwa ngati anali ndi chiwewe. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mawa olumidwa angakhale wa pa nyumba panu.

Gilaundi ikapita, tonse tatsekeledwa

Mwaona kuti pa malo onse amene tachula, a mu komboni mwenimweni ndi tunjila ndi gilaundi chabe. Mu Lusaka taona magilaundi ndi mapaki a ana ambili asanduka mapuloti, mabawa ndi malo osukila motoka. Lelo pali magoli, mawa pali mulu wa mabuloko. Gilaundi ikapita, ana asewelela mu mseu, azimai a netibo asowa pochitila maseweo, ndipo galu abwelela pa tcheni.

Chaisa ili mu Mandevu, ndipo kuyambila 2022 ndalama za CDF zinakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo zakhala zikwelabe. Ndalama zimenezi zimayambila pa zimene anthu apempha ku Ward Development Committee. Achinyamata ambili sapita ku misonkhano imeneyi, ati ni ya madala. Pitani. Simufunika kukapempha paki ya agalu, angakusekeni. Pemphani kuti gilaundi imene ilipo itetezedwe, iikidwe mabini ndi malaiti, ndipo funsani ba kansela ngati a za ziweto angabwele kuzalasa agalu mu wadi momwemo, kuti amene alibe ya taxi asavutike.

Pakali pano, funani anzanu awili olo atatu a mu layini amene ali ndi agalu olasidwa, mupangane tsiku. Masiku oyamba agalu ayende motalikilana mpaka azolowelane, amuna awili akuluakulu asayandikane msanga. Kuyenda pagulu kuseniseni kumathandizanso kuti anyamata a mu tunjila asakuoneleni foni. Yambani pa Sondo ino, 05:30, mphindi 20 chabe. Kadi pa foni, botolo la madzi ku dzanja, pulasitiki mu thumba.